N'chifukwa chiyani phiri limaima zaka mazanamazana kenaka n'kugumuka usiku umodzi?

Pakati pa mwezi wa Marichi 2023, mvula yomwe idadza ndi namondwe wa Freddy idavumba usana ndi usiku m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Mumzinda wa Blantyre, mbali ina ya phiri la Soche idagumuka, ndipo matope, miyala ndi zitsa zidakhuthukira pa nyumba za anthu ku Chilobwe ndi madera ozungulira. Zangati zomwezi zidachitikanso m'maboma a Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni adatsala opanda pogona.

Komatu dothi ndi miyala zomwe zidatsikazo sizidabwere ndi namondweyo. Zidali pamenepo kuyambira kalekale, makolo a anthu amene zidawakwirira asanabadwe n'komwe. Mphamvu yokoka ya dziko lapansi inkazikokera pansi tsiku lililonse, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe, koma sizinkasuntha. Nanga chidasintha n'chiyani usiku umenewo?

Yankho lagona pa mfundo imodzi ya fizikisi yomwe ophunzira amakumana nayo ku sekondale, ndipo ambiri amaiiwala akangolemba mayeso: kusiyana kwa mphamvu zolingana ndi mphamvu zosalingana. Mfundo yomweyi ndi imene imalongosola chifukwa chake bwato limayandama, basi imaphonya msewu pokhota, komanso chifukwa chake mwana wofukatidwa m'galimoto amapulumuka m'manja mwa mayi ake pakachitika ngozi.

Kodi mphamvu n'chiyani?

M'Chichewa mawu akuti mphamvu ndi otambalala. Pali mphamvu za mfumu, mphamvu ya magetsi, mphamvu ya mankhwala. Pankhani ino tanthauzo lake ndi limodzi lokha: kukankha kapena kukoka kumene chinthu china chimachita pa chinzake.

Mphamvu zina zimagwira ntchito zinthu zikakhudzana. Dzanja limakankha chitseko, ng'ombe zimakoka ngolo, nthaka imachirikiza nyumba, mpweya umatsekereza wokwera njinga. M'gulu lomweli muli kukhulana, kumene kumachitika zinthu ziwiri zikagundana n'kumaletsana kutsetsereka, monga tayala ndi phula kapena phazi ndi dothi. Mphamvu zina zimagwira ntchito patali popanda kukhudzana, monga ya maginito ndi ija yokoka ya dziko lapansi, imene imagwetsa mango mumtengo.

Mphamvu iliyonse ili ndi zinthu ziwiri zoyenera kudziwika: kukula kwake ndi kumene yalunjika. Kutchula kukula kokha n'kunena theka la nkhani, pakuti kukankhira ngolo kutsogolo ndi kuikankhira kumbuyo sikungakhale chinthu chimodzi ngakhale wokankhayo atatuluka thukuta lofanana.

Kukula kwa mphamvu amakuyeza m'manyutoni, dzina lomwe adalitenga kwa katswiri wa ku England, Isaac Newton. Dziko lapansi limakoka kilogalamu imodzi iliyonse ndi manyutoni pafupifupi 9.8. Choncho thumba la chimanga la makilogalamu 50 limakokedwa ndi manyutoni 490, ndipo madzi a malita 20 amene mayi wasenza pochokera kumjigo amapsinja mutu wake ndi manyutoni 196, osawerengera ndowa yakeyo.

Mphamvu yotsala

Palibe chinthu padziko pano chimene chimakhudzidwa ndi mphamvu imodzi yokha. Nthawi zonse zimakhala zingapo, zina zothandizana, zina zolimbana. Chimene chimalamula kuti chinthucho chitani ndi zotsatira za mphamvu zonsezo zikawerengedwa pamodzi. Zotsatira zimenezi ndi zomwe mabuku a Chingerezi amazitcha net force, ndipo m'Chichewa zingatchedwe mphamvu yotsala.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Mphamvu zolunjika mbali imodzi amaziphatikiza. Zolunjika mosemphana amazichotsera. Pa masewero okokana chingwe, ngati gulu lililonse likukoka ndi manyutoni 2,000, mphamvu yotsala ndi ziro, ndipo mfundo yapakati pa chingwe siisuntha ngakhale misempha ya onse itatupa. Gulu limodzi likafooka n'kufika pa manyutoni 1,800, pamatsala manyutoni 200 opita kwa anzawo aja, ndipo chingwe chimayamba kutsata iwowo.

Chitsanzo china ndi minibasi yotitimira m'matope nthawi ya dzinja. Tinene kuti matopewo angathe kuigwira ndi manyutoni osapitirira 1,000. Amuna atatu akatsika n'kukankha ndi manyutoni 300 aliyense, onse pamodzi amafika 900, ndipo minibasiyo siisuntha. Wachinayi akabwera, kukankha kumafika 1,200, kupambana malire a matopewo ndi 200, ndipo galimoto imatuluka. Akuluakulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

M'chitsanzo chimenechi muli phunziro lobisika lomwe ndi lofunika pomvetsa za mapiri. Pamene atatu aja ankakankha ndi manyutoni 900, matopewo ankabweza ndi 900 yemweyo, osati 1,000. Kukhulana kwa chinthu choima kumakula molingana ndi mmene chikukankhidwira, mpaka kukafika pa malire ake. Woona ndi maso sangadziwe ngati malirewo ali kutali kapena atsala pang'ono. Chinthu chimaoneka chokhazikika chimodzimodzi mpaka mphindi yomaliza.

Mphamvu zikakhala kuti sizili pamzere umodzi, kawerengedwe kamasintha. Anthu awiri akamakoka chipika ndi zingwe, wina kulowera kummawa ndi manyutoni 300, wina kulowera kumpoto ndi manyutoni 400, mphamvu yotsala siifika 700. Imakhala 500, ndipo chipikacho chimadutsa pakati pawo, mopendekera kwa wamphamvuyo. N'chifukwa chake ng'ombe zapagoli zikamakokera kosiyana, mlimi amatopa nazo koma mzere sukuwongoka.

Mphamvu zikalingana

Mphamvu zimatchedwa zolingana pamene mphamvu yotsala ili ziro. Zikatero, kayendedwe ka chinthu sikasintha. Choima chimakhalabe chiimire. Ndowa ija pamutu pa mayi imakokeredwa pansi ndi dziko, mutu wake ndi nkhata n'kumaikankhira mmwamba ndi mphamvu yofanana. Denga limapsinja makoma, makoma n'kulichirikiza. Kukhazikika sikutanthauza kuti mphamvu palibe. Zilipo, mwina zikuluzikulu, koma palibe yomwe yapambana inzake.

Mbali imene imasokoneza ambiri ndi yakuti chinthu choyenda nachonso chingathe kukhala ndi mphamvu zolingana. Basi yomwe ikuthamanga pa makilomita 80 pa ola pamalo owongoka a msewu wa M1, osawonjezera kapena kuchepetsa liwiro, ilibe mphamvu yotsala. Injini kudzera m'matayala ikuikankhira kutsogolo, mpweya ndi kukhulana zikuibweza ndi mphamvu yofanana. Mafuta amene ikumwa sakuwonjezera liwiro, akungolipira ngongole ya kukhulanako.

Dontho la mvula limasonyeza bwino mfundo imeneyi. Likamachoka kumtambo limayamba pang'onopang'ono n'kumawonjezera liwiro. Koma likamathamanga, mpweya umalitsekereza mowonjezereka, mpaka kutsekerezako kulingana ndi kulemera kwake. Kuyambira pamenepo limagwa pa liwiro losasintha, lomwe kwa madontho akuluakulu limakhala mamita pafupifupi 9 pa sekondi. Pakadapanda mpweya, dontho lochokera pa mtunda wa makilomita awiri mmwamba bwenzi likufika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 700 pa ola, ndipo palibe mbewu yomwe ikadapirira.

Pali chenjezo limodzi powerengera: mphamvu zimalingana pokhapokha zikugwera pa chinthu chimodzi. N'zoona kuti ng'ombe zikamakoka ngolo, ngoloyo imakokanso ng'ombezo ndi mphamvu yofanana. Koma ziwirizi sizifafanizana, chifukwa ina yagwera pa ngolo ndipo ina yagwera pa ng'ombe. Wofuna kudziwa ngati ngolo isunthe ayenera kuwerenga mphamvu zogwera pa ngoloyo basi: kukoka kwa goli mbali ina, kukhulana kwa mawilo mbali inayo.

Maganizo omwe adatenga zaka pafupifupi 2,000 kuti akonzedwe

Amene amaganiza kuti chinthu sichingayende popanda wochikankha sali yekha. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene adamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, adaphunzitsa zomwezo, ndipo masukulu a ku Ulaya adamutsata kwa zaka mazanamazana. Maganizowa amaoneka omveka, pakuti wilibala imaima woikankha akangosiya.

Galileo Galilei wa ku Italy ndiye adaona pamene padali polakwika. Poyeserera ndi timipira togubuduzika pa matabwa otsetsereka, adazindikira kuti malo akasalala kwambiri, kampirako kamapita patali. Adatsimikiza kuti chimene chimaimitsa zinthu si kutha kwa kukankha ayi, koma kukhulana. Zambiri mwa zomwe adapeza zidatuluka m'buku lake la mu 1638.

Newton adamanga pa maziko amenewa. M'buku lake lotchedwa Principia, lomwe lidasindikizidwa ku London mu 1687, adalemba malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu. Loyamba limanena kuti chinthu chimakhalabe choima, kapena chimapitiriza kuyenda mowongoka pa liwiro lomwelo, pokhapokha patabwera mphamvu yosalingana ndi zinzake n'kuchisintha.

Umboni wake ulipo mlengalenga. Chombo cha Voyager 1, chomwe bungwe la NASA lidatumiza mu 1977, chikuyendabe pa makilomita pafupifupi 17 pa sekondi popanda injini yochikankhira kutsogolo, chifukwa kumene chiliko kulibe mpweya wochitsekereza ndipo kukoka kwa dzuwa n'kofooka kwambiri. Amalawi amene adakumanapo ndi madzi oundana pamsewu m'nyengo yachisanu ku Britain kapena ku America adaonako pang'ono za lamuloli: kukhulana kukachepa, galimoto imangopitirira ngakhale woyendetsa ataponda mabuleki.

Mphamvu zikapambanana

Mphamvu yotsala ikakhala kuti si ziro, kayendedwe ka chinthu kamasintha. Kusinthaku kuli mitundu itatu: kuwonjezera liwiro, kuchepetsa liwiro, kapena kukhota. Choima chikayamba kuyenda, kapena choyenda chikaima, chifukwa chake n'chomwecho.

Lamulo lachiwiri la Newton limatchula kukula kwa kusinthako. Kusintha kwa liwiro pa sekondi iliyonse kumapezeka pogawa mphamvu yotsala ndi makilogalamu a chinthucho. Nyutoni imodzi ndi mphamvu yomwe imawonjezera liwiro la kilogalamu imodzi ndi mita imodzi pa sekondi, pakutha pa sekondi iliyonse.

Wakabaza amadziwa lamuloli ndi miyendo yake. Ngati iye ndi njinga yake akukwana makilogalamu 100 ndipo mphamvu yotsala ndi manyutoni 50, liwiro lake limakwera ndi theka la mita pa sekondi, sekondi iliyonse. Akanyamula munthu ndi katundu mpaka onse kufika makilogalamu 200, mphamvu yomweyo imangomupatsa theka la zimene ankapeza poyamba. Poima napo ndi chimodzimodzi: cholemera chimavuta kuyambitsa ndipo chimavutanso kuimitsa.

Wokwera chikepe m'nyumba zazitali za ku Johannesburg kapena London amamva kusiyana kwa mphamvu zolingana ndi zosalingana m'thupi mwake. Chikepe chikamanyamuka, pansi pake pamamukankha koposa kulemera kwake, ndipo amadzimva wolemererapo. Chikafika pa liwiro lokhazikika, mphamvu zimalingananso ndipo samva kanthu ngakhale akukwerabe. Chikamaima pamwamba, amadzimva wopepuka kwa kamphindi. Thupi la munthu silimva liwiro, limangomva kusintha kwake.

Zomwe zimachitika m'kati mwa phiri

Mwala wa makilogalamu 100 umakokedwa ndi manyutoni 980. Ukakhala pachidikha, mphamvu yonseyi imaupsinjira pa nthaka ndipo palibe choukokera kumbali. Pamtsetse mphamvuyo imagawika pawiri: gawo lina limaupanikiza pa nthaka, lina limaukokera kumunsi motsata mtsetsewo. Pamalo opendekeka madigiri 30, gawo lokokera kumunsi limakhala manyutoni 490, ndipo lopanikiza limakhala pafupifupi 850. Pa madigiri 45, lokokera kumunsi limakwera kufika pafupifupi 690, pamene lopanikiza limatsika kufika pomwepo. Mtsetse ukamakula, chogwetsa chimakula ndipo chogwiriziza chimachepa. N'chifukwa chake mulu wa mchenga wouma supendekeka kupitirira madigiri pafupifupi 35. Wothira wina pamwamba amangouona ukutsetsereka.

Zomwe zimagwira dothi paphiri ndi zitatu: kukhulana kwa timchenga ndi miyala, kumatana kwa dongo, ndi mizu ya mitengo imene imaluka nthaka ngati mkeka n'kuimangirira ku miyala yapansi. Akatswiri omanga misewu ndi madamu amagawa malire a mphamvu zogwiriziza ndi mphamvu yokokera kumunsi. Yankho likaposa 1, mtsetse umaima. Likatsika kufika pa 1, watsala pang'ono kugumuka. Pomanga, kawirikawiri amafuna kuti yankholo likhale pakati pa 1.3 ndi 1.5 kuti pakhale potsalira.

Mvula yambiri imawononga kulinganaku m'njira zitatu nthawi imodzi. Choyamba imawonjezera kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa hekitala imodzi imatula matani 1,000 a madzi, ndipo ena mwa madziwo amalowa pansi.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, madzi akadzaza mipata yonse ya m'dothi amayamba kukankha timchenga kuchokera m'kati. Gawo lina la katundu amene timchengato tinkasenza limasamukira pa madzi, ndipo madzi sadziwa kugwira kanthu. Timchenga tikasiya kupanikizana mwamphamvu, kukhulana kumatsika. Mfundo imeneyi adaifotokoza bwino ndi injiniya Karl Terzaghi m'buku lake la mu 1925, ndipo ndiyo maziko a sayansi ya nthaka yomangapo mpaka lero.

Chachitatu, madzi amafewetsa kumatana kwa dothi. Mwana aliyense woumba timagalimoto tadongo amadziwa kuti dongo lachinyezi limagwirana, koma lothiridwa madzi ambiri limasanduka phala.

Chotero mbali yogwetsa imakwera pamene mbali yogwiriziza ikutsika, mpaka ziwirizi zikumana. Zikadutsana, pamabadwa mphamvu yotsala yolunjika kumunsi. Choopsa n'chakuti kukhulana kwa chinthu chomwe chayamba kale kutsetsereka kumakhala kochepa poyerekeza ndi kwa chinthu choima. Dothi likangosuntha, mphamvu yotsala imakula, liwiro limakwera, ndipo matope amakokolola miyala ndi mitengo panjira. Matope oterewa angathe kupitirira makilomita 50 pa ola, liwiro lomwe munthu sangalithawe ndi miyendo.

Zochita za anthu zimasendeza malire aja pafupi. Mitengo ikadulidwa, mizu imawola m'zaka zochepa ndipo mkeka uja umatha. Kukumba m'munsi mwa mtsetse kuti papezeke malo athyathyathya omangapo nyumba kuli ngati kuzula nsichi nyumba ili chiimire. Kuphwanya miyala ya kware m'mbali mwa phiri kumachotsa zotchinjiriza, ndipo madzi a padenga kapena a m'ngalande akamalowa pansi pamalo amodzi amanyowetsa nthaka kuposa mmene mvula yokha ikadachitira.

Ngakhale zili choncho, mitengo si yankho la zonse. Mizu imagwira dothi la pamwamba, koma mvula ikapyola muyeso ngakhale phiri la nkhalango limatha kugumuka kuchokera pansi pomwe mizu siifika. Makolo ankadziwa za ngozi zoterezi ndipo adazipatsa dzina lakuti Napolo, chinjoka chimene amati chimakhala pansi pa phiri n'kumasamukira kunyanja. Zidachitika ku Zomba mu Disembala 1946, komanso ku Phalombe mu Marichi 1991 pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidapha anthu mazana. Kunja kwa Malawi, namondwe wa Idai adagumula mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe mu Marichi 2019. Ku Aberfan m'dziko la Wales, pa 21 Okutobala 1966, mulu wa zotsalira za mumgodi wa malasha womwe udakhuta madzi udatsetsereka n'kukwirira sukulu, ndipo anthu 144 adafa, 116 mwa iwo ana. Malo ndi osiyana, koma chifukwa n'chimodzi.

Pamsewu

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati mu lipoti lake la mu 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Kuvulala kwambiri pa ngozizi kumachokera pa lamulo loyamba lija la Newton. Galimoto ikagunda chinthu imaima, koma anthu amene ali m'katimo amapitirirabe pa liwiro lawo lakale mpaka china chake chiwaimitse, kaya lamba, mpando wakutsogolo, galasi kapena phula.

Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Ngati munthu wa makilogalamu 70 aimitsidwa m'gawo limodzi la magawo khumi a sekondi, mphamvu yomugwera imaposa manyutoni 11,000, zomwe zikufanana ndi kulemera kwa matumba a chimanga opitirira 20. Mwana wa makilogalamu 10 wokhala pamiyendo amafunika manyutoni pafupifupi 1,700 kuti aimitsidwe m'nthawi yomweyo, ngati kuwakha matumba atatu ndi theka mwadzidzidzi. Palibe mayi kapena bambo amene manja ake angakwanitse, ngakhale atamukonda bwanji mwanayo.

Ntchito ya lamba ndi kutalikitsa nthawi yoimira ndi kumwaza mphamvuyo pa mafupa olimba a m'chiuno ndi pachifuwa. Nthawi yoimira ikawirikiza kawiri, mphamvu imatsika ndi theka. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene ali m'magalimoto lero adamukonza ndi injiniya wa ku Sweden, Nils Bohlin, ndipo kampani ya Volvo idayamba kumuika m'magalimoto ake mu 1959. Chipewa cha wokwera njinga yamoto chimagwira ntchito mwanjira yomweyo pofinyika m'malo mwa chigaza.

Kukhota nako kumafuna mphamvu yotsala, yolunjika m'kati mwa gulayelo, ndipo imachokera pa kukhulana kwa matayala ndi msewu. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunikayo imawirikiza kanayi. Matayala akatha kapena msewu ukanyowa, malire a kukhulana amatsika, ndipo galimoto imachita zomwe lamulo loyamba limanena: imapita mowongoka pamene msewu wakhota. Mtunda woimira nawo umakula chimodzimodzi. Galimoto ya pa makilomita 100 pa ola imafuna mtunda wa mabuleki wowirikiza kanayi poyerekeza ndi ya pa 50. Pamitsetse yokhotakhota ngati ya Chiweta ndi Khwekhwerere, gawo la kulemera kwa galimoto limaikokeranso kumunsi monga mwala uja, n'chifukwa chake oyendetsa malole odziwa ntchito amatsika pa giya yaing'ono kuti injini ithandize mabuleki asanatenthe.

Panyanja

Bwato limayandama chifukwa madzi amalikankhira mmwamba. Archimedes wa ku Syracuse adapeza zaka zoposa 2,200 zapitazo kuti kukankhaku kumafanana ndi kulemera kwa madzi amene chinthucho chawasuntha pamalo pake. Lamuloli limagwira ntchito pa bwato la msodzi wa usipa chimodzimodzi ndi pa sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951.

Thumba la makilogalamu 50 likaikidwa m'bwato, bwatolo limamira pang'ono mpaka litasuntha malita ena 50 a madzi, ndipo mphamvu zimalingananso. Pa thumba lililonse zimatero, moti wopakira amaona ngati nyanja siikana katundu. Koma kukankha kwa madzi kuli ndi malire, ndipo malirewo ndi milomo ya bwato. Madzi akayamba kulowa, kulemera kumakwera pamene chochirikiza sichingakwerenso. Bwato lomwe pagombe limaoneka bwino lingakhale litatsala ndi zala zochepa chabe, zomwe funde limodzi la mwera limatha kumaliza. Pofuna kuthana ndi vuto lomweli, phungu wa ku Britain Samuel Plimsoll adamenyera lamulo la mu 1876 lokakamiza sitima kukhala ndi mzere m'mbali mwake wosonyeza polekezera katundu.

Zizindikiro zoti kulingana kukutha

Popeza mtsetse umaoneka wokhazikika mpaka pafupi ndi mapeto, zizindikiro zing'onozing'ono ndizo zimapulumutsa moyo. Akatswiri a za nthaka amatchula ming'alu yatsopano pansi kapena m'makoma, zitseko ndi mawindo zomwe zayamba kuvuta kutseka, mitengo ndi mapolo opendekeka, nthaka yotupa m'munsi mwa mtsetse, ndi madzi otumphuka pamalo pomwe kale padali pouma. Mtsinje wochokera kuphiri ukasanduka matope mwadzidzidzi, kapena madzi ake akachepa mvula ikugwabe, chingakhale chizindikiro chakuti kumtunda dothi lagumuka n'kutseka njira. Phokoso lamkokomo kapena la mitengo yothyoka limatanthauza kuti nthawi yatha, ndipo kothawira ndi kumbali, osati kumunsi motsata khwawa.

Ngozi siitha mvula ikakata. Madzi amapitiriza kulowa pansi kwa maola kapena masiku, ndipo mitsetse ina imagumuka dzuwa litawala kale. Malo omwe adagumukapo amakhala ofooka ndipo angathe kubwerezanso. Paja madzi saiwala khwawa.

Mabanja ambiri amene amamanga m'mbali mwa mapiri a m'mizinda sachita dala. Malo athyathyathya ndi okwera mtengo, ndipo ntchito ili m'tauni. Ambiri mwa abale omwe ali ku South Africa, Zimbabwe, Britain ndi kwina amatumiza ndalama zogulira puloti ndi kumangira nyumba zomwe sanazionepo ndi maso. Kwa iwowa, funso la mtengo wa simenti ndi malata liyenera kutsagana ndi mafunso ena: pulotiyo yapendekeka bwanji, pakumbidwa mozama bwanji kuti pawongoke, madzi a mvula amadzera kuti, ndipo kumtunda kwake kuli chiyani? Nyumba yomangidwa ndi njerwa zootcha siipirira ngati nthaka yomwe yakhalapo yayamba ulendo wopita kumunsi.